Timabuku ta mawu a Napoleon ta pa Chitakale: onani izi musanagule

Timabuku ta mawu a Napoleon Bonaparte, mfumu yakale ya ku France, timene pa Chitakale timayalidwa pansi ndi totchipa ndithu, koma sankhani mosamala. Tambiri ndi tafotokope: inki yotuwa, masitepulo awiri okha. Ndi chinyezi cha kuno ku Mulanje masitepulowo amachita dzimbiri, masamba apakati n'kuthothoka. Tsegulani pakati penipeni musanapereke ndalama.

Vuto lenileni lili m'mawumo. Amangondandalikidwa popanda chaka kapena malo. Kabuku kabwino kamasiyanitsa zimene ankalamula ali pampando ndi zimene ankauza Las Cases, mnzake amene ankalemba mawu ake, ali mkaidi pachilumba cha St Helena atagonja pa nkhondo ya ku Waterloo mu 1815. Kumeneko mkuluyu ankadziyeretsa, zolakwa zake n'kumakankhira tsoka. Mmene ankaonera munthu zimaonekera bwino pa Légion d'honneur, mendulo yaulemu imene anakhazikitsa mu 1802: ankakhulupirira kuti mendulo ndi ulemu zimakoka anthu ngati nyambo. Chaka chomwecho anabwezeretsa ukapolo m'madera ena olamulidwa ndi France, nkhani imene timabuku tambiri timangoilumpha.

Kabuku kopanda nkhondo ya ku Russia ya 1812, kumene njala, matenda ndi kuzizira zinamumalizira asilikali, kasiyeni pomwepo.