Ampulifaya ya machubu patatha miyezi 11 ku Lilongwe: magetsi, fumbi ndi zotaya

Ndemanga yathu yoyamba ya ampulifaya ya gitalayi, imene tinalemba mu Malichi itangofika, inali ya kamvekedwe basi: gitala imatuluka mawu onenepa, ndipo ukakweza voliyumu mawuwo amasweka mokoma, osakanda m'khutu. Tinasiya funso limodzi, la anthu amene amati makina a machubu agalasi, amene amisiri ena amati ma valve, amadya magetsi, amatentha ngati mbaula, ndipo ndi adani a chilengedwe. Panopa makinawa adutsa kuzizira kwa Juni, fumbi la Seputembala, ng'amba ya Okutobala ndi mvula ya Januwale, ndiye pali choyankha.

Ampulifaya yake ndi ya mawati 15, ya sipika imodzi ya mainchesi 12, ya machubu awiri a EL84 ndi atatu a 12AX7, machubu omwewo amene mungawapeze mu Fender Blues Junior kapena Vox AC15C1. Yakhala ikuimba mu bandi ya kutchalitchi: maola awiri Lachitatu, awiri Loweruka, anayi Lamulungu. Ndi maola 8 pa sabata, pafupifupi maola 380 chiyambire.

Tiyambe ndi magetsi, poti ndi pamene pali phokoso. Chubu sichigwira ntchito chisanatenthe. M'kati mwake muli kawaya kotenthetsa kamene kamayaka nthawi yonse makina ali oyatsa, kaya mukuimba kaya gitala yatsamira khoma. Ka EL84 kamadya ma amp 0.76 pa mavoti 6.3, ndiwo mawati 4.8. Ka 12AX7 kamadya ma amp 0.3, mawati 1.9. Machubu asanuwo akadya pamodzi, mawati 15 apita mawu asanatuluke. Onjezani mawati pafupifupi 25 amene ma EL84 awiri amakoka ali chete, ndi ena amene amathera m'kutentha kwa thiransifoma, mufika pa mawati 50. Mukaimba mokweza amakwera pang'ono chabe, kufika cha pa 60. Apa odandaula aja akunena zoona: ampulifaya ya digito ya mphamvu yofanana, ikakhala chete, imadya kachigawo kochepa ka zimenezi.

Koma chulukitsani. Mawati 55 kwa maola 380 ndi mayunitsi 21. Miyezi 11 yonseyo, mayunitsi osakwana awiri pa mwezi. Nsimbi yamagetsi ya mawati 1,000 imamaliza mayunitsi awiri m'maola awiri, kutanthauza kuti kusita mayunifolomu a kwaya Loweruka limodzi kumadya magetsi a gitala a mwezi wathunthu. Komanso magetsi ambiri a ESCOM ndi a madzi, ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, kuphatikiza a dzuwa a ku Salima ndi ku Golomoti. Mayunitsi 21 otere alibe utsi woti munthu n'kusowa nawo tulo. Thumba limodzi la makala ochokera ku Dzalanyama lili ndi mlandu waukulu kuposa chaka chonse cha gitala.

Zimasintha ndi makina aakulu. Chubu chimodzi chachikulu cha EL34 chimadya ma amp 1.5 pongotenthetsa, ndiye ampulifaya ya mawati 100 ya ma EL34 anayi imataya mawati 38 pa machubu anayi okhawo. M'tchalitchi cha malata ku Area 25 mphamvu yotereyo ilibe ntchito, ndipo anthu a m'mizere yakutsogolo adzakuuzani. Ena amagula kabokosi kochepetsa phokoso kotchedwa attenuator, koma ntchito yake ndi kusandutsa mawu kukhala kutentha: mumalipira magetsi onse, machubu amakalamba mokwanira, mawu ndiye ochepa. Ya mawati 15 yoikidwa maikolofoni patsogolo imakwanira. Swichi ya standby nayonso musaikhulupirire kwambiri. Imadula magetsi aakulu okha, a mavoti ochuluka opita m'machubu, zotenthetsa zija zimayakabe. Ulaliki ukakhala wa ola limodzi, zimitsani zonse.

Utsi weniweni uli pa jenereta. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu 2.3 a mpweya wa kaboni, ya dizilo pafupifupi 2.7. Jenereta yaing'ono ya petulo ya 2.5 kVA imamwa pakati pa theka la lita ndi lita imodzi pa ola, ndipo imamwabe ngakhale katundu wake ali wochepa. Mapemphero a maola anayi angamalize malita atatu, ndiwo makilogalamu 7 a mpweyawo. Pamenepo gitala yatengapo gawo laling'ono, poti jenereta yomweyo ikukoka mikisa, masipika ndi kiyibodi. Cholakwika ndi kuliza jenereta yonse chifukwa cha munthu mmodzi amene akufuna kuyeserera gitala magetsi atathima. Amene akukumbukira chaka cha 2022, namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, akudziwa mmene majenereta analirira m'tauni muno. Poyeserera panokha, batire la 12V 100Ah limasunga mawati-ola 1,200, ndipo la asidi simuyenera kulitsitsa kupitirira theka. Mawati-ola 600 amenewo amayendetsa ampulifayayi maola 8 kapena 9. Inveta yake ikhale ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a pakhoma. Yotsika mtengo ija ya modified sine imalowetsa kulira kwa zzzz m'sipika ndipo thiransifoma imatentha kuposa masiku onse.

Vuto lalikulu la miyezi yonseyi linachokeranso ku jenereta, ndipo ndi limene lili ndi phunziro la chilengedwe. Mu Novembala, pa jenereta yopanda chowongolera mavoti, chitsulo cha m'kati mwa EL84 imodzi chinafiira ngati khala la moto. Osati kuwala kwa lalanje kwa kawaya kotenthetsa kaja, komwe ndi kwabwinobwino, ayi: chitsulo chotuwa chachikulu chija ndiye chinafiira pakati pake, mawu n'kuyamba kung'ung'uza, kenako fyuzi n'kupsa. Chifukwa chake n'chosavuta. Thiransifoma inapangidwira mavoti 230. Akakwera kufika 255, zotenthetsa zimalandira pafupifupi mavoti 7 m'malo mwa 6.3, kupitirira malire a 10 peresenti amene machubu amalola. Magetsi aakulu nawonso amakwera, ndipo EL84, imene malire ake ndi mawati 12, inali kale pafupi ndi malirewo.

Poyeza, mmisiri anapeza mavoti 10 pa rezisita (kachipangizo kochepetsa magetsi) ya ma ohm 130 imene machubu awiriwo amagawana. Gawani 10 ndi 130, mupeza ma milliamp 77, ndiwo 38 pa chubu chilichonse. Pa mavoti 300 amenewo ndi mawati 11 ndi theka, magetsi ali bwinobwino. Mpata wotsala unali wochepa kwambiri. Anasintha machubu onse awiri, poti amagulidwa ali ofanana mphamvu, anayeza marezisita ena otchedwa a screen ngati sanapse, n'kuika rezisita ya ma ohm 150 ya mawati 10 m'malo mwa ya 130 ija. Mawu sanasinthe moti khutu n'kuzindikira, koma machubu tsopano amagwira ntchito mozizirirapo. Fyuzi inabwezedwa ya mlingo womwewo wolembedwa kumbuyo, ya mtundu wochedwa kupsa, yolembedwa T. Chizolowezi chokulunga fyuzi ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya ndicho chimapha mathiransifoma ambiri kuno: chubu chikafa, fyuzi yabodzayo sipsa, imapsa ndi thiransifoma.

Chubu kufa pa maola 300 pamene chikanatha zaka ziwiri kapena zitatu si nkhani yaing'ono, chifukwa cha kumene chimachokera. Mafakitale a machubu a gitala atsala ochepa padziko lonse. JJ Electronic ili ku Slovakia. Fakitale ya ku Saratov ku Russia ndi imene imapanga a Sovtek, Electro-Harmonix ndi Tung-Sol a masiku ano. Ena ndi a ku China. Mu Malichi 2022 katundu wa ku Russia atasokonekera chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, machubu anasowa ndipo mitengo inakwera kwambiri. Kuno amabwera pa ndege, awiriawiri, m'chikwama cha munthu wochokera ku Johannesburg kapena London, kapena pa mtengatenga, atakulungidwa m'mapulasitiki ochuluka kuposa iwo eni. Ndiye chida chothandiza chilengedwe koposa pa ampulifayayi si china ayi, ndi kabokosi koteteza mavoti, kofanana ndi ka firiji, kamene kamadula magetsi akakwera kapena kutsika kwambiri n'kudikira kaye asanabwerere. Magetsi akathima, chotsani pulagi pakhoma. Nthawi ya ziphaliwali, chimodzimodzi.

Amene mwalandira ampulifaya kwa abale a ku America, werengani kumbuyo musanalumikize. Yolembedwa 120V 60Hz ikalowa pa soketi ya 230V imafa pomwepo. Ngakhale mutaiika pa thiransifoma yotsitsa mavoti, magetsi athu ndi a 50Hz, ndiye thiransifoma yake imatenthabe kuposa kwawo. Ipatseni mpweya.

Fumbi linayamba kumveka mu Seputembala. Ukatembenuza voliyumu, kwee kwee, ndipo nthawi zina mawu amathawa n'kubwerera ukagogoda bokosi. Ambiri apa amathamangira kugula machubu atsopano, n'kutaya abwinobwino. Linali fumbi lofiira lija m'mabowo a masoketi a machubu ndi m'zotembenuza. Makina atazizira, pulagi ili pansi, zulani chubu chimodzi chimodzi mochigwedeza pang'ono, thirani mankhwala otsukira zamagetsi otchedwa contact cleaner pa miyendo yake, osati WD-40, chilowetseni n'kuchizula katatu, n'kuchibwezera pamalo pake pomwepo. M'kati mwa bokosi lachitsulo la ampulifaya musalowetsemo dzanja: makapasita amasunga mavoti oposa 300 ngakhale makina atazima, ndipo mmisiri amayamba wawakhuthula ndi rezisita n'kutsimikiza ndi mita. Kutentha nakonso kumadya makapasita amenewa mwakachetechete. Lamulo la amisiri ndi lakuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umadulidwa pakati. M'nyumba ya malata mu Okutobala, ampulifaya yogunditsidwa kukhoma, yofundidwa chitenje pamwamba kuti iwoneke bwino paguwa, ikudzikumbira manda. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kumbuyo, chitenje chifunde ikazizira.

Nanga machubu akufawo apite kuti? M'kati mwa EL84 muli galasi, nickel, mica, kawaya ka tungsten, ndi barium pang'ono, amene ndi kadontho konyezimira ngati kalilole kaja pamwamba pa galasi. Kakasanduka koyera ngati ufa, mpweya walowa, chubu chatha. Mercury mulibemo, mosiyana ndi mababu aatali a fluorescent. Choopsa chapafupi ndi galasi losweka kwa ana amene amatola zinthu kudzala. Machubuwo akulungeni m'katoni, asalowe m'dzenje lotenthera zinyalala kuseri kwa nyumba. Mwa machubu awiri amene anachotsedwa aja, chimene sichinafiire chasungidwa ngati chapadera, poti chikhoza kumaliza mapemphero tsiku la tsoka. Poizoni weniweni ali m'malo ena: mtovu wa m'solda ya makina akale, amene anapangidwa lamulo la ku Ulaya la RoHS, loletsa mtovu m'zipangizo zamagetsi, lisanayambe mu 2006, ndi utsi wa mawaya amene otola zitsulo amaotcha kuti atengemo mkuwa. Phulusa lake mvula imalikokolera ku Lingadzi ndi ku mtsinje wa Lilongwe. Thiransifoma ikapsa musaipereke kwa ootcha. Amisiri okulunga mamota amatha kukulunganso ya magetsi ngati awerenga bwino mizere ya waya wakale ndi kukula kwake. Thiransifoma inayo, ya kusipika, ndi yovutirapo, chifukwa mawaya ake amakulungidwa mosinthanasinthana, ndipo ikalakwika mawu amafa. Imeneyo itetezeni: musayatse ampulifaya sipika ili yosalumikiza, ndipo sipika ya ma ohm 8 ilumikizidwe pa bowo la ma ohm 8.

Tikaiyerekeza ndi ya digito, chigamulo chathu chili chonchi. Ya digito imapambana pa magetsi, pa kulemera ndi pa batire. Woimba wa kumalo kopanda magetsi, wodalira sola, asavutike n'komwe ndi machubu. Koma ya digito ikapsa chip chachikulu, ku Old Town kulibe amene angaidzutse, ndipo bolodi lake lonse limakathera kudzala ku Area 38. Zonse zimene zinavuta pa ya machubuyi m'miyezi 11 zinakonzeka ndi mita, solda, contact cleaner, rezisita imodzi, fyuzi ndi machubu awiri. Kuti iphule mkuwa ndi chitsulo chimene chinalowa m'mathiransifoma ake awiri, iyenera kukhala zaka makumi, ndipo kapangidwe kake kamalola zimenezo. Makapasita aakulu adzafuna kusinthidwa ikatha zaka 15 kapena 20, basi.

Chimene sichidzafika zaka zimenezo ndi bokosi. Ndi la matabwa opanikiza a utuchi, ndipo mvula ya Januwale yayamba kale kulifufumitsa m'ngodya ya pansi pamene limakhudza simenti. Pakali pano laikidwa pa kabenchi ndipo m'ngodyamo mwapakidwa guluu wa matabwa. Likadzaphwasuka, kalipentala aliyense wa ku Kawale kapena Mchesi akhoza kupanga lina potengera miyeso ya lakale. Paini wouma bwino wa mamilimita 18 kapena 20 ndi wopepuka ndipo amamveka bwino, Fender yomwe inkagwiritsa ntchito paini m'zaka za m'ma 1950. Wina akakuuzani za mkungudza wa ku Mulanje kuti umanunkhira ndipo chiswe sichiugwira, mukaneni: mtengowo watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Painiyo mupake vanishi mbali zonse ziwiri, ndipo pansi muikepo timiyendo ta labala tinayi.