Ndemanga: Loweruka usiku ku Grand Ole Opry, Nashville

Kwathu wailesi ya MBC ikangoika Jim Reeves kapena Don Williams, bambo ankakweza dzanja kuti tonse titseke pakamwa, ngakhale mayi ali pakati pa nkhani. Ndiye achemwali anga amene amagwira ntchito ku Tennessee, ku America, atandiuza kuti andigulira tikiti ya ku Grand Ole Opry, sindinachedwe n'kuvala nsapato.

Musanalipire dziwani kuti imeneyi si shoo ya woimba mmodzi. Ndi pulogalamu ya wailesi ya WSM yomwe inayamba mu 1925, ndipo mpaka lero imaulutsidwa pompopompo anthu mukuonerera. Oimba amasinthana, aliyense nyimbo ziwiri kapena zitatu basi. Akatsika, muulutsi amene amaima pambali pa siteji amawerenga malonda, ngati mmene timamvera pa wailesi. Panali agogo ena atsitsi loyera mbee amene mawu awo anandifika pamtima, ndipo ndinkati aimba ola lathunthu. Anaimba zitatu, n'kugwedeza chipewa, ulendo. Zinandiwawa, koma wolakwa ndine, sindinafunse bwino. Komanso si onse amaimba country yachikale. Usiku womwewo kunali achinyamata a ng'oma zaphokoso ndi gulu la bluegrass (nyimbo za banjo ndi zida zina zansambo), choncho yang'anani kaye pa intaneti mayina a oimba a tsikulo.

Holoyo imalowa anthu pafupifupi 4,400 ndipo mumakhala pa mabenchi ngati a m'tchalitchi. Si zangozi. Kale pulogalamuyi inkachitikira ku Ryman Auditorium, nyumba yomwe inamangidwa kuti ikhale yopemphereramo, ndipo posamuka mu 1974 anadula thabwa lozungulira pa siteji yakaleyo n'kuliika pakati pa siteji yatsopano. Mtundu wake ndi wosiyana ndi matabwa enawo, limaoneka ngakhale uli kutali. Madzi osefukira a mu 2010 anamiza siteji yonse koma thabwalo linapulumuka. Woimba aliyense amaima pomwepo. Mtsikana wina asanayambe anayang'ana pansi kanthawi, mawu n'kumunjenjemera. Ine ndinangokumbuka kuti Jim Reeves wa bambo uja analinso membala wa Opry asanafe pa ngozi ya ndege pafupi ndi Nashville mu 1964.

Koma chimene ndalama za achemwali zinagula ndi ichi. Zaka zonsezi ndinkamva kulira kwina kumbuyo kwa nyimbo zimenezi, kokoka ngati munthu akusisima, ndipo ndinkati ndi gitala wamba. Ayi. Ndi pedal steel. Bambo wina anakhala pampando, kutsogolo kwake kuli chida chogoneka ngati tebulo la makina osokera. Dzanja lamanzere likutsetsereza kachitsulo pa nsambo, zala zakumanja zikukodola, mapazi akuponda zopondera, ngakhale maondo akukankha tizitsulo tapansi. Thupi lonse lili pantchito koma nkhope ili phee, ngati telala amene akupinda buluku. Ndinasiya kuyang'ana woimba n'kumangoyang'ana maondo a bamboyo. Achemwali anandigunda ndi chigongono: "Achimwene, mukulira kodi?" Ndinati ndi mphepo ya m'makina oziziritsira.

Amene munazolowera zoimba zakwathu, zoti anthu amathamangira kutsogolo kukafupa woimba, kuno khalani pansi. Anthu amamvetsera mawu. Woimba akangotchula mzere woyamba wa nyimbo yodziwika amaomba m'manja pang'ono, kenako zii mpaka ithe. Ovina okha ndi gulu la square dance, gule wovina awiriawiri, lomwe limakwera pa siteji Loweruka, nsapato zikugogoda mogwirizana ndi fiddle, yomwe ndi vayolini. Zinayamba 7 koloko yeniyeni, osati 7 koloko yathu ija, ndipo zinatenga maola awiri ndi kanthu, kuphatikiza nthawi yopuma.

Chondisowetsa mtendere chinali chimodzi, ndipo si cha eni malo: mkulu amene anakhala kutsogolo kwanga sanavule chipewa chake chachikulu ngati lichero, moti khosi linandipweteka ndi kusuzumira. Tengani kajuzi chifukwa cha makina oziziritsira aja. Ndikupereka nyenyezi 5, ndipo ulendo wina ndidzasankha mpando wam'mwamba, kutsogolo kwenikweni, pomwe palibe chipewa cha munthu ndipo mapazi a woimba pedal steel amaoneka bwino.