Labu ya NMR yomwe inandiyezera SDS kuno ku Joni

Anzanga a chemistry muli kuno ku Joni, labu ya NMR (makina oyeza mamolekyu pogwiritsa ntchito maginito amphamvu) yomwe ndinapititsako masampulo anga a SDS (sodium dodecyl sulfate, mankhwala onga sopo omwe molekyu yake ili ndi mutu ndi tcheni cha ma carbon) mu D2O (madzi olemera, heavy water) yandisangalatsa zedi. Ndimafuna kuona mmene mamolekyu amayendera akaunjikana kukhala timipira totchedwa ma micelle, ndiye amayi oyendetsa makinawo anati ndikonze ena pansi pa 8 mM (muyeso wa kuchuluka kwa SDS m'madzimo) ena pamwamba poti SDS imayamba kuunjikana chapamenepo, ndipo zoonadi T2 (nthawi yomwe chizindikiro cha NMR chimatenga kuti chizilale) inafupika titadutsa apo chifukwa micelle ndi chimpira chachikulu, chimatembenuka mwaulesi. T1 (nthawi yomwe ma atomu amatenga kubwerera mwakale makina atawagwedeza) ya carbon-13, mtundu wa carbon womwe NMR imauona, ndiye inandigwira mtima, kumchira kwa tcheni ndi yaitali, mchirawo umagwedera momasuka kuposa kufupi ndi mutu. Amayiwa amafotokoza modekha mpaka umve. Koma bukani msanga, kuyeza carbon kumadya usiku wonse, ine ndinadikira masabata awiri.