Miyezi 9 ndikumwa ufa wa mapuloteni: mmene zandiyendera

Chigubu changa chachitatu chatha sabata yathayi, ndiye ndati ndilembe zomwe ndaona chiyambire mu Januwale. Ndimanyamula zitsulo kanayi pa sabata ndikaweruka kuntchito kuno ku Blantyre, ndipo pamene ndinkayamba ndinkalemera makilogalamu 66.

Choyamba kugula chinali mass gainer (ufa wopangidwira kunenepetsa thupi), pomvera mnzanga wa ku jimu amene anandiuza kuti imanenepetsa msanga. Inanenepetsadi, koma mimba yokha. Nditawerenga modekha zolembedwa kumbuyo kwa chigubu, ndinapeza kuti ufa wambiri mmenemo ndi maltodextrin, sitachi amene amasanduka shuga mwachangu akalowa m'thupi. Mapuloteni anali ochepa kwambiri. Munthu wodya nsima masana ndi madzulo sasowa sitachi, choncho ndalama imeneyo inangopita pachabe. Ndinaisiya isanathe.

Kenako ndinagula whey concentrate, ndipo apa ndi pomwe ndinavutika kwenikweni. Whey amachokera ku madzi otsala popanga tchizi kuchokera ku mkaka wa ng'ombe, ndipo concentrate amakhala ndi mapuloteni pafupifupi 70 mpaka 80 pa 100, chotsalacho n'kukhala mafuta ndi lactose, shuga wa mumkaka. Ndikamwa, pasanathe ola mimba inkadzadza mpweya n'kumalira mpaka usiku. Ndinkaganiza kuti ufawo ndi wowonongeka. Koma nditakumbukira, mkaka wamba nawonso umandichita chimodzimodzi kuyambira kale, pomwe chambiko ndimamwa bwinobwino chifukwa mkaka ukasasa lactose amachepa. Ambiri a ife kuno kum'mwera kwa Africa tikakula thupi limachepetsa lactase, amene amagaya shuga ameneyu. Ngati mkaka umakuvutani, ganizirani zimenezi musanatulutse ndalama.

Chachitatu chinali whey isolate wa makilogalamu 2. Ameneyu amasefedwa kwambiri, mapuloteni amafika pa 90 pa 100, ndipo lactose amatsala pang'ono zedi. Mimba inakhala bata kuyambira tsiku loyamba. Ndi wodula, makamaka poti zonsezi zimachokera kunja ndipo mitengo yake inalumpha kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Komabe chigubu chimenechi chanditengera miyezi isanu, chifukwa ndinasintha kamwedwe.

Chomwe chinandisintha ndi masamu. Munthu wonyamula zitsulo amafunika pafupifupi magalamu 1.6 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku. Kwa ine ndi magalamu 110 kapena kuposa pang'ono. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Nsinjiro ndi chiponde, gawo limodzi mwa magawo anayi ndi mapuloteni. Soya pieces wouma, pafupifupi theka lake ndi mapuloteni, ndipo usipa wouma umaposa pamenepo. Nditawerengera zomwe ndimadya tsiku labwino, ndinapeza kuti ndimafika pa mlingowo popanda ufa. Sikupu (kasupuni koyezera ufa) imodzi ya magalamu 30 imandipatsa magalamu pafupifupi 25, ndiye ndimamwa masiku okhawo amene masana ndadya chipisi ndi saladi ya kabichi kuntchito, kapena ndikachoka ku jimu usiku magetsi atazima ndipo kuphika n'kosatheka. Pa masiku amenewo ufawu wandithandizadi.

Panopa ndikulemera makilogalamu 71, ndipo lamba ali pa bowo lomwe lija la mu Januwale. Ndikukhulupirira kuti zambiri zachokera ku kusajomba ku jimu ndi kugona mokwanira, ufa n'kungotseka mipata.

Tinthu tiwiri tating'ono. Nthawi ya chiperoni mu Juni ndi Julaye ufa unayamba kuumbika mibulu chifukwa cha chinyezi, ndiye tsekani chivindikiro mwamphamvu ndipo musabwezeremo sikupu yonyowa. Botolo losakaniziramo litsukeni pompopompo, chifukwa likagona fungo lake silichoka msanga.

Mwezi wamawa ndigula isolate wina, wa kilogalamu imodzi yokha, ndipo ndiyang'ana wokhala ndi chizindikiro cha Informed Sport chosonyeza kuti anayesedwa ku labu. Ndalama yotsalayo ipita ku thireyi ya mazira ndi usipa wa mu msika wa Limbe.