Google Drive pa ofesi yathu ku Mangochi: zomwe taona m'zaka ziwiri

Patha zaka ziwiri chiyambireni bungwe lathu laling'ono, limene limagwira ntchito ndi asodzi a ku nyanja ya Malombe ndi ku Makanjira, kusunga malipoti ake onse pa Google Drive, malo osungiramo mafayilo pa intaneti. Kale zolemba zinkakhala m'makabati ndi m'ma flash a anthu, moti munthu akasiya ntchito, zonse zimene ankadziwa za dera lake zinkapita naye.

Chidachi pachokha ndilibe nacho dandaulo. Malo aulere a 15 GB, omwe Drive imagawana ndi Gmail ndi Google Photos, anatikwanira mpaka pamene tinayamba kuikamo zithunzi za misonkhano ya makomiti a m'madoko. Chondisangalatsa kwambiri n'chakuti chikalata cha mu Google Docs chimasunga mbiri ya zosintha zonse, kotero mikangano yakuti ndani anasintha chiwerengero cha mabwato mu lipoti inatha.

Komabe miyezi yoyambirira mafoda anali mbuu, ndipo chifukwa chake sichinali intaneti monga tinkanamizirana. Akuluakulu athu, omwe analamula kuti aliyense aziika zolemba zake pa Drive, ankapitiriza kuitanitsa malipoti pa WhatsApp, ndiye wogwira ntchito wanzeru ankangotumiza kumene bwana amayang'ana. Anzathu a kumidzi nawonso ankagula okha bandulo, ndipo palibe amene angawononge ndalama ya ndiwo pokweza fayilo yomwe sidzawerengedwa. Panalinso bambo wina wachikulire, katswiri weniweni pa nkhani za usipa ndi chambo, amene ankakana mwaulemu kulemba zomwe akudziwa poopa kuti akazipereka zonse ofesi sidzamufunanso. Mantha amenewo sindiwapeputsa, chifukwa ntchito zathu zambiri n'zamakontrakiti a chaka chimodzi.

Zinthu zinasintha pamene ofesi inayamba kugula bandulo, mkulu wathu n'kunena kuti sadzasainira alawansi ya ulendo lipoti lisanafike m'foda, komanso mlembi wathu atapatsidwa udindo wotchula mafayilo ndi dzina la doko ndi tsiku. Bambo uja anavomera titagwirizana kuti dzina lake lizilembedwa pa chilichonse chochokera kwa iye.

Cholakwa chimodzi chinali chathu: tinalola anthu kukweza zinthu ndi ma Gmail awoawo, osadziwa kuti fayilo imakhala ya amene anaikweza. Mnzathu wina atasamukira ku Zomba n'kuyeretsa akaunti yake, malipoti a miyezi itatu anazimiririka, ndipo mpaka pano tikuwalembanso kuchokera m'makope a pamanja.