Kagalu ka "teacup" kamene ndinagula: wogulitsayo ndikumupatsa nyenyezi ziwiri

Pachithunzi chimene mayi wogulitsayo anaika pa Facebook, kagalu kanga Fifi anali atakhala m'kapu ya tiyi, makutu ali njoo, maso ngati timikanda. M'munsi mwake analemba kuti ndi teacup Yorkie (Yorkie ndi chidule cha mtundu wa galu wotchedwa Yorkshire terrier) ndipo sadzapitirira kilogalamu imodzi ndi theka. Apa sananame. Lero Fifi ali ndi zaka zinayi, ndipo ndikamuika m'mbale pasikelo ya kukhitchini amalemera makilogalamu 1.3. Koma kuchepa komweko, kumene iwo ankanyadira, ndi kumene kwandidziwitsa mipando yonse ya pamalo odikirira kwa dokotala wa ziweto.

Zabwino zilipo, ndisawanamizire. Pamalo pawo panali paukhondo, khadi la katemera linali lolembedwa bwino, mankhwala a njoka zam'mimba anali atamupatsa, ndipo foni ankayankha mwaulemu. Nyenyezi ziwirizo ndi za zimenezi basi.

Anandipatsa Fifi ali ndi milungu eyiti yokha, pomwe oweta osamala a mtunduwu amadikira mpaka milungu 12. Tsiku lachinayi m'mamawa ndinamupeza ali lefu m'dengu lake, mutu ukugwera kumbali, miyendo ikunjenjemera. Nditakweza mlomo wake, nkhama zinali zotuwa komanso zozizira. Dokotala pafoni anangoti, "Muli ndi uchi? Mupakeni pankhama ndi chala, musamuthire kukhosi, ndiye mubwere pompano." Shuga anali atatsika m'magazi. Kathupi kotere kalibe posungira mphamvu, choncho kakangodumphitsa chakudya kamodzi kapena kuzizidwa usiku, kamagwa. Miyezi yotsatira ndinkadzuka ndi alamu kumudyetsa pang'onopang'ono maola angapo alionse, ngati ndili ndi khanda. Wogulitsayo sanatchuleko zimenezi ngakhale mawu amodzi. Nditawauza, anati, "Timeneti timatero, mungozolowera."

Dokotala yemweyo ndi amene ananditsegula maso kuti palibe mtundu wa galu wotchedwa teacup. Ndi mawu otsatsira malonda. Mabungwe olembetsa mitundu ya agalu, Kennel Club ya ku Britain ndi American Kennel Club, amangodziwa Yorkshire terrier, wolemera mpaka makilogalamu 3.2. Ndipotu agaluwa poyamba sanali oyenda m'zikwama. M'zaka za m'ma 1800 ankagwira makoswe m'mafakitale a nsalu ndi m'migodi kumpoto kwa England, ndipo Huddersfield Ben, wobadwa mu 1865, amene amatengedwa ngati kholo la mtunduwu, anali galu wa mipikisano yopha makoswe. Fifi akakumana ndi khoswe, ndikukayika kuti angathawe ndani.

Kuti tituluke tochepa chonchi, amakweretsa agalu ochepetsetsa okhaokha, nthawi zina tija tofooka tobadwira limodzi ndi anzawo amphamvu. Tsiku logula ndinapempha kuona make wa Fifi, anandiuza kuti akugona. Ine, maso ali pa kagalu kali m'manja mwanga, sindinaumirire. Apo ndiye ndinapusa ndekha.

Zimene zatsatira ndingozidutsa mwachangu. Mano ake oyamba anakana kuguluka, mpaka m'kamwa munali mizere iwiri, ndipo anachita kumuzula atamugonetsa, zomwe kwa galu wosafika makilogalamu awiri zimachititsa mantha ngakhale dokotala. Kafupa ka pabondo lakumanzere kamasuntha pamalo pake, moti akamathamanga amanyamula mwendo masitepe atatu kenaka n'kuubweza. Tinamuyezanso magazi poopa vuto la mtsempha wolambalala chiwindi, lomwe limavutitsa mtunduwu, koma mwamwayi alibe.

Chondiwawa kwambiri ndi chifuwa. Mayiwo anandipatsa kalamba ka m'khosi kofiira, kokhala ndi kabelu, ngati mphatso. Patapita chaka Fifi anayamba kutsokomola ngati tsekwe akulira, makamaka akasangalala kapena akakoka chingwe. Njira yake ya mpweya ndi yofewa, imaphwatalala akamapuma mwamphamvu, ndipo chilichonse chofinya pakhosi chimangowonjezera. Kalamba kaja ndinataya, pano amavala kachingwe kogwira pachifuwa. Munthu woweta agaluwa zaka zonsezi sangalephere kudziwa zimenezi.

Nyumba nayo inasintha. Pasofa pali timasitepe, chifukwa kudumpha kuchokera pamenepo kungamuthyole mwendo. Alendo ndimawachenjeza kuti ayang'ane kaye asanakhale pansi, ndipo ana a mchemwali wanga amamunyamula atakhala pansi pokha. Mwamuna wanga anaphunzira kuyenda mokhwekhwereza mapazi usiku.

Yorkshire terrier wabwinobwino amakhala zaka 11 mpaka 15. Nditafunsa za Fifi, dokotala anamusisita pamutu n'kunena kuti tiziwerenga chaka chimodzichimodzi, chifukwa tochepetsetsa chonchi kawirikawiri sitifikako. Ndimamukonda kwambiri, usiku amagona pakhosi panga, ndipo sindingamusinthanitse ndi galu wina aliyense. Koma mukapita kwa mayiwa, kapena kwa wina aliyense wojambula agalu m'makapu, muumirire kuona make ndi bambo ake pasikelo, mufunse zotsatira za kuyeza mawondo ndi chiwindi, ndipo musankhe kamene kakuoneka kakulu pagululo.

Mwezi watha ananditumizira uthenga pa WhatsApp kuti kwabadwa tina, "tochepa kuposa Fifi wanu," ndi chithunzi cha kamodzi kali pachikhatho. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali, Fifi akutsokomola pamiyendo panga, ndipo mpaka lero sindinayankhe.