Fokker D.VII ya Wingnut Wings: utoto ndi zizindikiro zake n'zodalirika motani?

Ndamaliza kumanga kandege ka Fokker D.VII ka sikelo ya 1/32 kopangidwa ndi kampani ya Wingnut Wings ya ku New Zealand, ndipo ntchitoyi yandidyera madzulo a miyezi itatu. Za pulasitiki sindichulukitsa gaga m'diwa. Zidutswa zake zimalowana mothina kwambiri, moti utoto pang'ono wotsalira polumikizira umakwanira kuletsa mbali ziwiri za thupi kutsekeka, choncho palani kaye musanapake guluu. Mapiko akatha amafika pafupifupi masentimita 28, pakuti a ndege yeniyeniyo anali mamita 8.9. Chimene ndikufuna kuyeza pano ndi utoto ndi zizindikiro, chifukwa ndi pamene omanga tindege ta Germany ta Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse amapunthwa kawirikawiri.

Vuto lake ndi lakuti mu 1918 kunalibe manambala a utoto a RLM amene omanga ndege za nkhondo yachiwiri amadalira, popeza RLM, unduna wa za ndege wa Germany umene unawakhazikitsa, unabadwa mu 1933. Umboni waukulu umene tili nawo ndi zithunzi zopanda mitundu, ndipo filimu ya nthawi imeneyo, yotchedwa orthochromatic, inali ndi khalidwe losokoneza: chikasu ndi kufiira zinkatuluka zakuda bii, pamene buluu ankatuluka wotuwa ngati woyera. N'chifukwa chake mpaka lero akatswiri amakanganabe ngati chivundikiro cha injini ya ndege ya mapiko atatu imene Werner Voss, katswiri woyendetsa ndege za nkhondo wa ku Germany, anafera mu Sepitembala 1917 chinali chachikasu, mtundu wa gulu lake la Jasta 10, kapena chobiriwira mmene chinachokera ku fakitale. Amene akukuuzani motsimikiza mtundu wa ndege ya nthawi iyi atangoona chithunzi chimodzi, muzimumvera ndi khutu limodzi.

Apa ndi pamene kabuku ka malangizo ka m'bokosili kandikhutiritsa koposa china chilichonse. Pambali pa chojambula cha ndege iliyonse mwa zisanu zimene mungasankhe pali zithunzi zenizeni za nthawi ya nkhondo, ndipo pamene mtundu uli wongoganizira, olembawo amanena poyera m'malo mobisa. Amapereka manambala a utoto wa Tamiya ndi Humbrol, koma chiweruzo amakusiyirani inuyo ndi maso anu. Kampaniyi inalemekezanso mfundo imene ambiri amaidumpha, yakuti D.VII inkapangidwa m'mafakitale atatu: wa Fokker ku Schwerin, wa Albatros ku Johannisthal, ndi wa OAW ku Schneidemühl, mzinda umene lero uli ku Poland ndipo umatchedwa Piła. Wingnut Wings inatulutsa bokosi lapadera la ndege za fakitale iliyonse, chifukwa ndegezi zinkasiyana pa timazenera totulutsira kutentha kwa injini, pa kalembedwe ka manambala ndi pa utoto. Zoyamba za Fokker zinali ndi thupi la mizeremizere yobiriwira yopakidwa ndi burashi, pamene OAW inkapaka zitsulo za kumphuno zobiriwira n'kuwazapo mawanga a pepo. Ine ndinapeza bokosi la OAW.

Mbali yaikulu ya ndegeyi sinapakidwe utoto wobisalira ayi. Inakutidwa ndi nsalu yosindikizidwa kale ku fakitale, monga mmene chitenje chimabwerera ndi maluwa ake, ya timabokosi ta makona ambiri ta mitundu inayi kapena isanu, timene omanga tindege amangoti lozenge. Nzeru yake inali yochepetsa kulemera kwa utoto pa mapiko. Ya pamwamba inali yoderako, ya pansi yowalako. Mwayi wathu ndi wakuti pa nsalu iyi umboni ulipo wogwirika ndi manja: D.VII yosungidwa ku Knowlton, m'chigawo cha Quebec ku Canada, idakali ndi nsalu yake yoyambirira, ndipo mpaka kachitidwe ka mitundu inayi kamatchulidwa ndi dzina la tauniyo, pamene ka mitundu isanu kamatchedwa Canberra chifukwa cha ndege ya Albatros D.Va yosungidwa ku Australian War Memorial mumzinda wa Canberra. Zomata za m'bokosili (timapepala ta mitundu ndi zizindikiro tomata pa kandegeko), zosindikizidwa ndi kampani ya Cartograf ku Italy, zimatsata kachitidweka mokhulupirika, ndipo mitundu yake imagwera pamalo pake popanda kusefukira. Zimaonetsa nsalu yatsopano, yongochoka pa mpukutu. Ine ndinathirapo kautoto kabulauni kosungunula kwambiri kuti ioneke ngati yaona vanishi, mafuta a injini ndi matope a pabwalo, koma zimenezo zili kwa mwini. Ena amagula padera zomata za Aviattic za ku Britain zimene zimaonetsa ulusi wa nsalu, koma zina mwa izo n'zoonekera mkati ndipo zimafuna utoto wowala pansi pake.

Cholakwa chimene ndinachita n'changa ndekha. Phiko la m'munsi ndinalimata pa utoto wosasalala, chifukwa cha phuma, ndipo kutacha ndinapeza timadontho totuwa ta mpweya wotsekeredwa pansi pa chomatacho, makamaka m'mphepete mwa nthiti za phikolo. Ndinatha madzulo awiri ndikuboola kadontho kalikonse ndi nsonga ya singano n'kudonthezapo mankhwala ofewetsera zomata. Phiko la pamwamba ndinayamba ndalipaka vanishi wonyezimira, ndinagwiritsa ntchito madzi ofunda ndi kansalu kofewa kokankhira madzi kunja, ndipo linagona bwino lomwe ngati losindikizidwa pomwepo.

Mitanda nayo si yongomata iliyonse imene yakukomerani. Mu Malichi 1918 akuluakulu a ndege za nkhondo analamula kuti mtanda wakale wa manja otambasuka kunsonga ulowedwe m'malo ndi wa manja owongoka, wotchedwa Balkenkreuz, ndipo m'miyezi yotsatira anasinthanso kunenepa ndi kutalika kwa manjawo. Choncho mtanda uli ngati kalendala: ukakhala wonenepa ukunena za masiku oyambirira a ndegeyi, ukakhala wowonda ukunena za kumapeto kwa nkhondo. Bokosili limapereka mitanda yoyenera ndege iliyonse, pamodzi ndi timalemba tating'ono monga nambala ya ndege ndi kandandanda ka kulemera kwake kamene kankalembedwa kumanzere kwa thupi.

Ndinasankha ndege ya Rudolf Stark, mtsogoleri wa Jasta 35b, ya mphuno ndi lamba wa pepo wotuwira, pafupi ndi duwa la jakaranda. Ndinamusankha chifukwa Stark anali katswiri wojambula ndipo anasiya zithunzi za ndege zopakidwa ndi dzanja lake, choncho pa iye tili ndi mboni yoposa filimu. Ngakhale zili choncho, ndinasakaniza utoto kanayi pa kachidutswa ka pulasitiki ndisanakhutire, ndikumauyang'ana padzuwa osati pansi pa babu.

Chokhumudwitsa n'chimodzi: Wingnut Wings, imene inayambitsidwa ndi Peter Jackson, wopanga mafilimu wa ku New Zealand, ndipo inatulutsa mabokosi ake oyamba mu 2009, inatseka mu 2020, kotero bokosili limangopezeka kwa amene akugulitsa zosunga zawo, pa mtengo wokwera kuposa wakale. Mukalipeza, funsani wogulitsayo akujambulireni mapepala onse a zomata ndi kabukuko musanalipire, ndipo muonetsetse kuti sanagwidwe ndi chinyezi, pakuti popanda ziwirizi mwagula theka la katunduyo.